Nthenda ya Chikasu m'Minda ya Tiyi ku Mulanje

Ulimi wa tiyi unayamba ku Mulanje m'chaka cha 1891, pamene Henry Brown anaoka mitengo yoyamba pa munda wa Thornwood. Mvula ya kumeneko inamuyanja tiyiyo, ndipo minda inanka nikula. Koma patapita zaka, nthaka itayamba kuguga, munabuka nthenda imene inasautsa eni minda ndi antchito omwe, pakuti onsewo chuma chawo chinali pa tsamba.

Nthendayo inali kuonekera pa masamba anthete a kunsonga, omwe aja amathyoledwa kukapanga tiyi. Tsamba linali kusanduka lachikasu, mitsempha yokha ndi kutsala yobiriwira ngati ukonde. Masamba otsatira anali kuphuka ang'onoang'ono ndi opindika m'mphepete, kenaka ndi kuyoyoka. Potsiriza nthambi zinali kuuma kuyambira kunsonga, kufikira mtengo wonse utafa.

Amene anapeza gwero lake ndi akatswiri awiri: R. Leach, wa m'Dipatimenti ya Malimidwe ya Nyasaland, ndi H. H. Storey, wochokera ku Amani m'dziko la Tanganyika. Storey anali atadziwika kale poonetsa kuti nthenda ya mawanga a mizeremizere pa masamba a chimanga imafalitsidwa ndi kachilombo kolumpha. Koma pa tiyi sanapeze kachilombo. Anaona kuti mitengo yodwala inali kuchira akaithira sulufule, kapena feteleza wokhala ndi sulufule monga sulphate of ammonia. Pofuna kutsimikiza, analera mbande m'madzi okhala ndi zakudya zonse za mbewu kupatula sulufule yekha, ndipo chikasu chomwe chija chinatulukira. Tsono zinadziwika kuti mitengoyo sinali kudwala nthenda yopatsirana, koma inali kufa ndi njala. Zimenezi anazisindikiza m'chaka cha 1933, ndipo minda yambiri inapulumuka.

Nzeru yotsalira alimi ndi yakuti chikasu chonse si chimodzi. Mbewu ikasowa nayitrojeni, amayamba kuyezuka ndi masamba akale a m'munsi, chifukwa mbewuyo imasamutsa chakudyacho kupita nacho ku masamba atsopano. Sulufule sasamuka msanga chotero. Akasowa, amavutika ndi masamba a kunsonga. Choncho mlimi wochenjera, asanagule mankhwala, amayamba wayang'ana kuti tsamba lodwalalo lili pati.