Nkhope za Alembi Athu pa Kanema

Kaporo ndi malo a malonda amene ali pa msewu wa M1, pakati pa boma la Karonga ndi mtsinje wa Songwe umene uli malire a Malawi ndi Tanzania. Masiku ano wophunzira wa kumeneko angathe kukhala pansi madzulo nkuonera, pa wailesi ya kanema kapena pa foni, mlembi akufotokoza yekha m'mene analembera buku lake. Chisangalalo chotere sichinabwere kale m'dziko muno, ndipo kuchedwa kwake kuli ndi zifukwa.

M'nthawi ya atsamunda kanema ankafika kumidzi pa galimoto. Kuyambira mu 1948 kufikira mu 1963, bungwe la Central African Film Unit linkajambula makanema oonetsa anthu akuda a ku Nyasaland ndi ku Rhodesia. Nkhani zake zinali za ulimi, ukhondo ndi kusunga ndalama. Munthu wakuda ankaoneka atagwira khasu. Wogwira cholembera analibe malo.

Ufulu wa mu 1964 sunasinthe zambiri. Mu 1968 boma linakhazikitsa lamulo lounika mabuku ndi makanema anthu asanawaone, ndipo Dr. Kamuzu Banda sanalole wailesi ya kanema mu ulamuliro wake wonse. Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999, pa nthawi ya Bakili Muluzi.

Chimene dziko linataya pa zaka zimenezo chimaoneka bwino tikaganizira za Legson Kayira, mwana wa chigawo cha kumpoto chomwechi. Atamaliza maphunziro ku Livingstonia, ananyamuka wapansi mu 1958 kukafuna sukulu ku America, atanyamula Baibulo ndi buku la John Bunyan. Anadzera ku Tanganyika ndi ku Uganda mpaka anafika ku Khartoum. Ulendowu anaulemba m'buku la I Will Try la mu 1965, ndipo mu 1974 anatulutsa The Detainee, buku lodzudzula ulamuliro wankhanza. Nkhani yoposa iyi wojambula kanema akanaipeza kuti? Komatu pamene wailesi ya kanema inkatsegulidwa, Kayira anali atakhazikika kunja kalekale. Anamwalira ku London mu 2012, owerenga ambiri a kwawo asanamveko liwu lake.

William Kamkwamba wa ku Kasungu, mnyamata amene anapanga makina otulutsa magetsi ndi mphepo, anabadwa pa nthawi ina. Buku lake la The Boy Who Harnessed the Wind, limene analemba ndi Bryan Mealer, linatuluka mu 2009. Mu 2013 kunabwera William and the Windmill, kanema wa zochitikadi wopanda ochita sewero, kenaka mu 2019 Chiwetel Ejiofor anasandutsa bukulo kanema wa sewero momwe mukumveka Chichewa chochuluka. Mwa awiriwa, wa mu 2013 ndiye wophunzitsa koposa, pakuti amaonetsa zimene sewero limasiya: kulemera kwa kutchuka pa mapewa a mnyamata, ndi abale ambiri oyang'ana kwa iye yekha.

Komabe onse awiri anajambulidwa ndi alendo. Amalawi ojambula makanema alipo, monga Shemu Joyah amene anatulutsa Seasons of a Life mu 2008 ndi The Last Fishing Boat mu 2012. Alembi a m'badwo wa Kayira ndiwo akunka natha: Steve Chimombo anamwalira mu 2015, David Rubadiri mu 2018.