Komwe ofuna kusiya mowa angapeze owalimbikitsa ku Mulanje

Anthu ambiri amene mowa unawalowerera amayesapo kusiya paokha, koma pakatha sabata imodzi kapena ziwiri amabwererako. Izi zimachitika kwambiri tsiku la malipiro m'minda ya tiyi, kapena pamene anzawo akale awaitana pa Chitakale, pa Limbuli kapena pa Muloza. Magulu olimbikitsana anakhazikitsidwa pofuna kuthandiza munthu pa nthawi zoterezi.

Gulu lolimbikitsana n'chiyani?

Ndi msonkhano wa anthu amene onse anavutikapo ndi mowa ndipo akufuna kukhala osamwa. Amakumana tsiku lokhazikika, kawirikawiri kamodzi pa sabata kwa ola limodzi, ndipo aliyense amafotokoza momwe wayendera. Wotsogolera sakhala dokotala, koma mnzawo amene watha nthawi yaitali asakumwa.

Gulu lodziwika kwambiri pa dziko lonse ndi Alcoholics Anonymous, mwachidule AA, lomwe linayamba mu 1935 mumzinda wa Akron ku America, pomwe Bill Wilson ndi Dr Bob Smith anaona kuti kucheza ndi munthu wa vuto lofanana kumawathandiza kusamwa. AA imatsata ndondomeko ya mfundo 12, siyilipiritsa, ndipo chofunika kuti munthu alowe ndi mtima wofuna kusiya mowa basi. Mamembala amatchulana dzina loyamba lokha, ndipo zokambidwa sizituluka m'chipindamo. Kwa akazi, amuna ndi abale a womwa mowa kuli gulu lina, Al-Anon, lomwe linayamba mu 1951.

Yambani ndi kuchipatala

Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi popanda kuonana ndi achipatala. Thupi lozolowera mowa limayamba kuvuta pakangotha maola 6 mpaka 24: manja amanjenjemera, thukuta limatuluka, munthu amasanza ndipo tulo timasowa. Pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amagwa ngati odwala khunyu, amasokonezeka mutu, kapena amaona zinthu zomwe palibe. Zikafika apa munthu angathe kumwalira, choncho afulumizitsidwe kuchipatala. Si ufiti ayi, ndipo mankhwala ake alipo.

Chipatala chachikulu cha boma pa Mulanje Boma chimathandiza mwaulere, ndipo pofika mupemphe kuonana ndi anamwino oona za matenda a m'maganizo. Palinso Mulanje Mission Hospital, cha mpingo wa CCAP mu sinodi ya Blantyre. Okhala kutali ayambire ku chipatala chaching'ono cha m'dera lawo, monga cha Chonde, Thuchila kapena Muloza, komwe angalandire kalata yowatumiza kuchipatala chachikulu. Odwala kwambiri amatumizidwa ku Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre kapena ku Zomba Mental Hospital. A St John of God, omwe ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ali ndi ndondomeko yapadera yothandiza ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Momwe mungapezere gulu

Popeza magulu amenewa amasunga chinsinsi, saika zikwangwani pamsewu. Amapezeka pofunsa anthu oyenera:

- Namwino kapena dokotala amene wakuthandizani, komanso mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu.
- Abusa, ansembe kapena mashehe, poti misonkhano yotere imakonda kuchitikira m'zipinda za mipingo.
- Ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku khonsolo ya Mulanje.
- Achipatala cha pa esiteti, kwa ogwira ntchito m'minda ya tiyi.
- Bungwe la YONECO, lomwe lili ndi nambala yaulere ya 6600 yolangiza za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Amene ali ndi foni ya intaneti angathenso kulowa m'misonkhano ya AA ya pa Zoom, yomwe imachitika tsiku lililonse m'maiko osiyanasiyana, ngakhale yambiri imakhala ya m'Chingerezi.

Kusiyanitsa gulu labwino ndi lachinyengo

Gulu labwino silifuna ndalama zolowera, silinyoza munthu amene wabwerera ku mowa, ndipo silimuletsa kumwa mankhwala akuchipatala, monga ma ARV kapena a TB. Chenjerani ndi aliyense wolonjeza kuthetsa uchidakwa tsiku limodzi ndi mankhwala othira m'chakudya mwachinsinsi.

Ngati kwanuko kulibe gulu

Malamulo a AA amalola anthu awiri kapena atatu ofuna kukhala osamwa kuyamba gulu lawo. Chofunika ndi malo abata, kaya kalasi ya pasukulu madzulo kapena chipinda cha kutchalitchi, tsiku ndi ola losasintha, ndi pangano losunga chinsinsi. N'kwanzeru kuika msonkhano pafupi ndi tsiku la malipiro kapena la msika, ndi kupatsana nambala za foni kuti wina chilakolako chikamugwira usiku akhale ndi womuimbira. Dziwitsaninso namwino wa chipatala chapafupi za gululo, kuti azitumizako ena komanso kuti membala akadwala alandire thandizo msanga.