Nkhope za mabwana amene sadathyole tiyi ku Thyolo

Nkhani ya chiyambi cha minda ya tiyi ikabuka ku Thyolo, sipalephera wina wonena kuti adaitsegula ndi ma Lodi a ku Britain, azungu a ndevu ndi makolala olimba amene timawaona pa zithunzi zakale. Mawuwa amakoma m'khutu, koma mbiri siyivomereza.

Otsegula mindayi adali anthu ena. Esiteti ya Satemwa adaiyambitsa ndi Maclean Kay mu 1923, ndipo adabwera kuno atalimako mitengo ya labala ku Malaya. Wina wa iwo, Ignaco Conforzi, adali Mtaliyana. Ma Lodi aja ntchito yawo idali ya cholembera, ku London.

Zaka zoyambirira zili ndi nkhope imodzi yodziwika: Lord Salisbury, wadazi, ndevu zofika pachifuwa. Iyeyu ndiye adali nduna yaikulu ya Britain mu 1891 pamene dziko lino lidalowa m'manja mwa atsamunda. Zikalata zotsimikiza umwini wa malo aakulu m'mapiri a Shire zidatsatira posakhalitsa.

Kujambulitsa masiku amenewo sikudali kwa masewera. Munthu ankapita ku situdiyo monga ya Bassano kapena Elliott & Fry, wojambula n'kumukhazika pampando, kumutembenuza chibwano kuti kuwala kugwe mbali imodzi ya nkhope, kenaka n'kukasalaza makwinya pa galasi la chithunzicho. Kuyambira 1917, Walter Stoneman adayamba kujambula anthu otchuka mmodzimmodzi kuti nkhope zawo zisungidwe ku National Portrait Gallery. Ndiye chifukwa chake Duke of Devonshire, nduna yoona za maiko a atsamunda m'chaka chimene Satemwa imatsegulidwa, lero mungamuone bwinobwino mpaka tsitsi la ndevu zake za pamlomo.

Amene ankadzala tiyi m'mapiri a Cholo, monga azungu ankalembera dzina la Thyolo, ambiri adali Alomwe ochokera ku Mozambique. Malo okhala ankalipira ndi thukuta, thangata ija. Kamera ikawapeza, inkawapeza ali pamzere, dengu kumsana, kapitawo pambali, ndipo pansi pa chithunzi pankangolembedwa kuti othyola tiyi. Dzina ayi.

Kusiyanaku kumaonekera bwino pa zomwe zidachitika mu Ogasiti 1953. Pa esiteti ina kufupi ndi Luchenza, anthu adagwidwa powaganizira kuti akuba malalanje. Mphekesera idawanda kuti azungu akugwira anthu kuti akawaphe, mantha aja a chifwamba, ndipo khamu lidasonkhana. Malalanje adangokhala chopalira moto. Nkhuni zidaunjikika kale: lendi yokwera pa maesiteti, mabanja oopsezedwa kuti asamuke, minda yothina pamene malo aakulu a eni esiteti adangokhala thengo, ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene anthu adachikana koma chidabwerabe chaka chomwecho. Anthu adatseka misewu ndi mitengo, adadula mawaya a lamya, ena adaleka ntchito. Apolisi owonjezera adachokera kunja kwa dziko. Zipolowe zidafalikira ku maboma ena akummwera, ndipo pomwe zimatha, anthu 11 adali atafa.

Nduna yoona za maiko a atsamunda nthawi imeneyo idali Oliver Lyttelton, wa banja la ma Lodi la a Lyttelton, amene pambuyo pake adatchedwa Viscount Chandos. Zithunzi zake zilipo, zaudongo, chilichonse ndi dzina la wojambula ndi chaka chake. Anthu 11 aja m'mabuku ambiri ndi nambala chabe.

Vuto silidali kusowa kwa makamera. Ulamuliro wa nthawiyo unkasunga nkhope za olamula, pamene olamulidwa unkawawerenga m'kaundula wa msonkho ndi wa malipiro. Thangata idatha mu 1962, ufulu udabwera mu 1964, Cholo n'kubwerera kukhala Thyolo, koma chizolowezi chosalemba maina sichidathe msanga. Ngakhale pa zithunzi zokopa alendo za lero, mayi wothyola tiyi amamwetulira wopanda dzina.

Ku Mandala House mumzinda wa Blantyre, a Society of Malawi amasunga zithunzi zakale, ndipo ku Zomba kuli National Archives. Koma nkhope za ogwira ntchito m'maesiteti, zikapezeka, zili m'masutikesi ndi m'mabaibulo m'midzi ya ku Thyolo. Amene muli nazo, funsani agogo akadali moyo, mulembe kumbuyo kwake dzina, mudzi ndi chaka.