Makalata a Gandhi: momwe anapulumukira pa okushoni

Mu Julaye 2012, kampani ya Sotheby's ya ku London inakonza zogulitsa pa okushoni mulu wa makalata, zithunzi ndi zikalata zina zokhudza Mohandas Gandhi. Malondawo asanachitike, boma la India linagula zonsezo pa mtengo wa madola pafupifupi 1.28 miliyoni. Lero zili ku National Archives of India, nyumba yosungira zikalata zakale za boma mumzinda wa New Delhi.

Asanatchuke pa ndale, Gandhi anali loya. Anavomerezedwa kuimira anthu m'khothi ku Inner Temple, ku London, mu 1891, ndipo kuyambira 1893 mpaka 1914 ankakhala ku South Africa. Ku Johannesburg ndi komwe anapalana ubwenzi ndi Hermann Kallenbach, katswiri wojambula mapulani a nyumba, yemwe mu 1910 anapereka malo a Tolstoy Farm kwa otsatira a Gandhi. Kallenbach sankataya makalata. Atamwalira mu 1945, abale ake anawasunga kwa zaka zoposa 60. Mumuluwo muli ngakhale makalata a ana a Gandhi, oonetsa moyo wa banjali umene zolankhula za pamisonkhano sizionetsa.

Ntchito yosonkhanitsa zolemba za Gandhi inayamba mu 1956 ndipo inatha mu 1994, itatulutsa mabuku 100. Komabe buku losindikiza silingalowe m'malo mwa pepala lenileni. Pamene mabukuwa anasindikizidwanso cha m'ma 2000, akatswiri anapezamo zolakwika ndi zosiyidwa zambiri, moti boma linawachotsa pa msika. Zolakwika zotere zimadziwika pokhapokha ngati pali choyambirira choyerekezera nacho.

Adani a pepala ndi chinyontho, kutentha, kuwala kwa dzuwa, chiswe ndi dzimbiri la mapini. N'chifukwa chake osunga zikalata amaziika m'mabokosi opanda asidi, m'chipinda chouma ndi chozizira, osasokoneza ndondomeko imene mwiniwake anazisanjira. Amazijambulanso n'kuziika pa kompyuta kuti ofufuza asamagwiregwire zenizenizo. Zikalata za loya zili ndi vuto lina lapadera: mafayilo a milandu amakhala ndi zinsinsi za anthu omwe ankawaimira, choncho amafunika kuwapatula ku makalata a banja asanatsegulidwe kwa aliyense.

Kuyambira 2013, zolemba za Gandhi zimawerengedwa pa intaneti kudzera pa Gandhi Heritage Portal, yomwe imayendetsedwa kuchokera ku Sabarmati Ashram mumzinda wa Ahmedabad.