Matayala a malole ndi ulimi wa fodya kumadzulo kwa Lilongwe

Mbiri ya mtengatenga m'madera a Namitete, Mpingu, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma kawirikawiri imafotokozedwa potchula misewu, njanji ndi mtengo wa mafuta, pamene matayala, amene amadya ndalama zambiri za mwini lole pambuyo pa mafutawo, satchulidwa kwenikweni. Choyamba kudziwa n'chakuti dziko la Malawi silinakhalepo ndi fakitale yopanga matayala atsopano a malole, ngakhale kuti mitengo ya mphira yakhala ikulimidwa pa esiteti ya Vizara ku Nkhata Bay kuyambira nthawi ya atsamunda, kotero kuti mwini galimoto wa ku Nsaru sanasankhepo pakati pa tayala lakwathu ndi tayala lakunja. Matayala onse ndi akunja, ndipo zimene zakhala zikusintha pa zaka pafupifupi 100 ndi dziko limene akuchokera, njira imene akudzera, ndi mphamvu ya ndalama imene akugulira.

Malole anafika m'chigwa cha Lilongwe potsatira fodya. Cha m'ma 1920 azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. Wallace, anatsegula minda ya fodya m'boma la Lilongwe, ndipo esiteti ya Mbabzi, imene ili kumadzulo kwa mzinda wa lero, inakhala chimake cha ntchitoyo. Iwo ankagawira alimi akumudzi mbewu n'kumagula fodya wa chikopa, ndiye kuti fodya wakuda wochita kufukiza ndi utsi, ndipo ulimiwu unafala mofulumira moti m'chaka cha 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziyang'anira kalimidwe ndi misika. Vuto linali la mtunda. Ogula aakulu anali ku Limbe, kumene kampani ya Imperial Tobacco inamanga fakitale yake m'chaka cha 1908, makilomita oposa 300 kuchokera ku Lilongwe, ndipo amtengatenga, anthu amene ankasenza katundu pamutu, sakanatha kusamutsa fodya wa chaka chonse pa nthawi yake. Malole oyambirira a zaka zimenezo ambiri anali ndi matayala a mphira yokhayokha, opanda mpweya, amene sankaphwa koma ankagwedeza galimoto mpaka kumasula zitsulo ndiponso ankakumba msewu. Matayala opopa, amene John Boyd Dunlop anawatchukitsa pa njinga m'chaka cha 1888, anayamba kufala pa malole m'zaka za m'ma 1920. Njanji itafika ku Salima m'chaka cha 1935, ulendo wa lole unafupika kufika pa makilomita pafupifupi 100, koma unali wotsetsereka ndi wokhotakhota, wodya mabuleki ndi matayala omwe.

Tayala la nthawi imeneyo linkapangidwa ndi nsalu zingapo za ulusi zosanjikizana mopingasa n'kukutidwa ndi mphira, ndipo mpweya unkakhala m'chubu chapadera m'kati mwake. Chitsa chotsalira polambula msewu, msomali kapena mwala wosongoka zinkaboola chubucho, motero pambali pa dalaivala panabadwa ntchito ina, ya omata machubu, amene zida zawo zinali jeki, zitsulo zokanulira tayala pa rimu, pampu, guluu ndi beseni la madzi loonera pamene mpweya ukutulukira. Ntchitoyi inakula kwambiri pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, chifukwa asilikali a ku Japan atalanda Malaya m'chaka cha 1942, maiko onse a pansi pa Britain anasowa mphira, matayala anayamba kugawidwa mowerengera, ndipo tayala limene kale likanatayidwa linkamatidwa zigamba mpaka kutheratu.

Nkhondo itatha, matayala ambiri anayamba kuchokera kumwera. Ku South Africa kampani ya Dunlop inali ndi fakitale ku Durban kuyambira 1935, ya Firestone inali ku Port Elizabeth kuyambira 1936, ndipo ya Goodyear inatsegula yake ku Uitenhage m'chaka cha 1947. Pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963, mafakitale ankamangidwa ku Southern Rhodesia pamene Nyasaland anali msika chabe, ndipo fakitale ya Dunlop ya ku Bulawayo, yotsegulidwa m'chaka cha 1959, ndi chitsanzo chimodzi cha kagawidwe kameneko. Maina ochepa amenewa ndi amene anakhazikika m'mitu ya madalaivala a malole a Bedford ndi Leyland, ndipo ulemu umene anthu akuluakulu amapereka kwa iwo mpaka lero unachokera pa nthawi imene panalibe ena opikisana nawo.

Dziko litalandira ufulu, kumadzulo kwa Lilongwe kunasintha msanga. Pulogalamu ya chitukuko ya Lilongwe Land Development Programme, imene inayamba m'chaka cha 1968 ndi ngongole ya World Bank, inalambula misewu ya fumbi yolowa m'midzi, inakumba mijigo ndi kumanga misika, ndipo ADMARC, imene inalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board m'chaka cha 1971, inkatumiza malole kukatenga chimanga, mtedza ndi fodya m'misika imeneyo. Likulu litasamukira ku Lilongwe m'chaka cha 1975, njanji n'kufika mumzindawo m'chaka cha 1979, chaka chomwecho chimene okushoni ya fodya ya ku Kanengo inatsegulidwa, mlimi wa ku Kabudula anapezeka ali pafupi ndi msika kusiyana ndi kale lonse. Komabe malole ambiri anali a mabungwe, a maesiteti ndi a makampani, amene ankagula matayala mochuluka kwa ogulitsa ovomerezeka, ndipo funso la mtengo silinali m'manja mwa munthu wamba. Linafika m'manja mwake pang'onopang'ono, nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala cha m'ma 1983 ndi 1984, katundu n'kuyamba kuzungulira pamsewu kuchokera ku Durban, mtengo wa chilichonse chakunja n'kukwera. Pa zaka zimenezo kuvekanso tayala kunali kofala: tayala lotha limapalidwa pamwamba, limaikidwa mphira yatsopano yokhala ndi mano ake, n'kuwotchedwa m'makina kuti zigwirane, ndipo limabwerera pamsewu pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi latsopano.

Kusintha kwakukulu kunadza m'zaka za m'ma 1990. Kuyambira 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale, amene kale lamulo linkasungira maesiteti, ndipo iwo anapanga makalabu oti azigulitsa okha ku okushoni. Kalabu iliyonse inkafuna galimoto yonyamula mabelo ake, ndipo anthu a pa Nsaru, pa Namitete ndi pa Nambuma amene anali ndi kandalama, ena ochokera ku fodya yemweyo, anagula malole ang'onoang'ono ogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, monga Mitsubishi Canter, Toyota Dyna ndi Isuzu. Galimoto yoteroyo imanyamula mabelo kuyambira mwezi wa April, chimanga ndi soya m'miyezi yachisanu, njerwa ndi mchenga m'chilimwe, feteleza mvula ikayandikira, ndipo pakati pa zonsezi imachita matola ndi kunyamula maliro. Mu February 1994 boma linasiya kuikira kwacha mtengo, ndalamayo inagwa, ndipo mwini lole imodzi, wopanda nkhokwe ya matayala kapena ngongole ya ku banki, anakumana ndi mtengo wa tayala maso ndi maso. Nthawi imeneyo ndi imene matayala a kaunjika, ndiye kuti matayala ogwiritsidwapo ntchito kunja, anayamba kuunjikidwa m'misika ya mumzinda monga zovala zimene zinapereka dzinalo.

Pofika apa pali mitundu iwiri ya matayala imene iyenera kusiyanitsidwa. Tayala la nayiloni, limene ndi mdzukulu wa tayala la nsalu lija, lili ndi mbali zokhuthala zimene zimapirira miyala ndi zitsa, koma limatentha msanga likathamanga pa tala ndipo mano ake sachedwa kutha. Tayala la waya, limene kampani ya Michelin inatulukira m'chaka cha 1946 ndi kuyamba kupangira malole m'chaka cha 1952, lili ndi malamba a waya pansi pa mano, limayenda mtunda wautali ndiponso limapulumutsa mafuta, koma mbali zake n'zofewa, ndipo zikang'ambika kukonza kwake n'kovuta. Manambala olembedwa pambali amanena zimenezi: pa 7.50-16, saizi ya malole ang'onoang'ono ambiri, 7.50 ndi kufutukuka kwa tayala m'mainchi ndipo 16 ndi kukula kwa rimu, pamene chilembo cha R, monga pa 7.50R16 kapena 12R22.5, chimasonyeza tayala la waya. Lole ya ku Kabudula imayenda pa misewu iwiri pa ulendo umodzi, wa fumbi ndi mabampu kuchokera kumudzi, kenako wa tala kukafika ku Kanengo, ndipo palibe tayala limene limakomera mbali zonse ziwiri mofanana.

M'zaka za m'ma 2000 matayala a ku China, monga Triangle, Linglong ndi Double Coin, pamodzi ndi a ku India monga MRF ndi CEAT, anadzaza masitolo, ndipo malondawo anakula Malawi atakhazikitsa ubale ndi China kumapeto kwa 2007. Mafakitale a m'chigawo chino cha Africa analephera kupikisana nawo: ya General Tyre ku Arusha inatsekedwa m'chaka cha 2009, ndipo ya Sameer ku Nairobi inasiya kupanga matayala m'chaka cha 2016. Ngakhale maina akale anasintha eni ake, pakuti Dunlop ya ku South Africa inagulidwa ndi kampani ya Apollo ya ku India m'chaka cha 2006, kenako gawo lake lalikulu n'kupita kwa Sumitomo ya ku Japan m'chaka cha 2013, kotero kuti dzina la pa tayala silinenanso zambiri za dziko limene mwini wake ali.

Ogulitsa matayala a maina otchuka amanena kuti tayala liyenera kuwerengeredwa pa kilomita iliyonse imene layenda, osati pa mtengo wa tsiku logula, ndipo masamu amenewo ndi oona kwa kampani ya malole aakulu oyenda pakati pa Lilongwe ndi Beira. Kwa mwini lole imodzi masamuwo ndi opunduka, ndipo amene amamunena kuti amagula zotchipa chifukwa cha umbuli sanaone bwino mmene ndalama zake zimayendera. Tayala lodula limabweza ndalama likakalamba, kutanthauza likayenda mpaka mano kutha ndiponso likavekedwanso, pamene tayala la ku midzi nthawi zambiri silifika pa ukalambawo, chifukwa limang'ambika pambali pa mlatho wa matabwa kapena m'dambo la makande mano akadalipo. Chitsa sichisankha dzina, ndipo kutaya tayala lotchipa n'kutaya pang'ono. Ndalama zake nazonso zimabwera mwa nyengo: amafuna matayala mu March, msika wa fodya usanatsegulidwe, pamene m'thumba muli mouma, ndipo malipiro a mabelo amadza fodya atagulitsidwa, lole itagona masiku pa mzere ku Kanengo. Kugwa kwa kwacha mu May 2012, mu May 2022 pamene inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndiponso mu November 2023 pamene inatsitsidwa ndi 44 peresenti, kunkakweza mtengo wa tayala tsiku lomwelo, pamene mtengo wonyamulira belo unkatsalira m'mbuyo. Chofooka chenicheni cha masamu a mwini lole chili pa katundu. Pofuna kubweza ndalama msanga iye amapakira mopitirira muyeso, tayala lolemedwa kapena lochepa mpweya limapindika n'kutentha m'kati, ndipo likaphulika mlandu umagwera dziko limene linachokera.

Pa malo ochitira malonda monga Namitete, m'mbali mwa msewu wa M12 wopita ku Mchinji, nzeru zimenezi zimaoneka pa kaikidwe ka matayala. Awiri abwino koposa amaikidwa kutsogolo, chifukwa tayala lakutsogolo likaphulika dalaivala amalephera kuwongolera, pamene kumbuyo, kumene matayala amakhala awiriawiri, kumapita otha, ovekedwanso ndi a kaunjika. Womata amagudubuza tayala poyera, amalowetsa dzanja m'kati kufunafuna waya wothyoka kapena chotupa, amakanda mbali ndi chikhadabo kuona ming'alu, ndipo wodziwa amawerenga manambala anayi omaliza a mzere woyamba ndi zilembo za DOT, amene kuyambira chaka cha 2000 amanena sabata ndi chaka chimene tayala linapangidwa, mwachitsanzo 2319 kutanthauza sabata la 23 m'chaka cha 2019. Chidziwitso chimenechi n'chofunika pa tayala la kaunjika, popeza mphira imauma ndi zaka ngakhale mano akuoneka akuya. Palinso mchitidwe wosema mano atsopano pa tayala losalala ndi mpeni wotentha, umene uli woyenera pa matayala aakulu okhawo amene anapangidwira zimenezo, koma umachitidwanso pa matayala wamba pofuna kudutsa pa maso a apolisi apamsewu kapena poyezetsa galimoto, ndipo umasiya malamba a m'kati ali pafupi ndi nthaka.

Tayala likachoka pa lole silinathe ntchito. Ngolo za ng'ombe ndi abulu za m'dera lino zimayenda pa ekiselo ndi matayala a magalimoto akale, ndipo ndizo zimatuta fodya ndi chimanga kuchokera kumunda kufika pamene lole ingafike, pamene chubu chakale chimadulidwa kukhala mphira zomangira katundu pa njinga ndipo mbali za tayala zimasokedwa nsapato. Kuthiridwa tala kwa msewu wochokera ku Lilongwe kudzera ku Kasiya mpaka ku Santhe m'zaka za m'ma 2010 kwachepetsa gawo la fumbi pa maulendo ambiri a kumpoto chakumadzulo kwa bomali, ndipo pa msewu wotero tayala la waya limayamba kubweza ndalama zake, ngakhale kuti malole amene amalowa mpaka kumidzi akufunabe la nayiloni kumbuyo.