Tizilombo ta tiubweya ndi anthu otipatsa mayina

Mu 1674, Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa ku Delft, adayang'ana madzi a m'kanyanja ndi galasi lomwe adakonza yekha, n'kuona tinthu tamoyo tikuyendayenda. Pakati pa tinthu totere pali timene akatswiri amatitcha ma ciliate: selo imodzi yokha, yokhala ndi tiubweya topalasira madzi ndi kukokera chakudya kukamwa.

Kutiona kudali kwapafupi, ntchito idagona pa kutisiyanitsa. Otto Friedrich Müller wa ku Denmark adayesa kutiika m'magulu, ta m'nyanja yamchere tomwe, ndipo buku lake lidatuluka mu 1786 mwini wake atatsikira kale kulichete. Christian Ehrenberg wa ku Berlin adatidyetsa utoto. Ataona timadontho ta utotowo m'kati mwake, adanenetsa mu 1838 kuti tili ndi mimba zambirimbiri. Apa adaponyera kutali, ndipo Félix Dujardin adamutsutsa.

Amene amandigometsa ndi Alfred Kahl, mphunzitsi wa ku Hamburg. Pakati pa 1930 ndi 1935 adafotokoza mitundu yochuluka zedi, kudalira maso ndi dzanja lojambula. Si ntchito yamasewera, poti kachilomboka sikakhazikika, ndipo ukakapanikiza kamaphulika.

Mpumulo udabwera ndi siliva. Bruno Klein mu 1926, kenako Chatton ndi Lwoff mu 1930, adapeza njira zodetsera matsinde a tiubweyato kuti mizere yake iwerengeke. Mitundu yomwe inkaoneka ngati umodzi idayamba kugawanika.

Lero ntchito yambiri ya tizilombo ta m'mphepete mwa nyanja ikuchitika ku Qingdao, pa Ocean University of China, komwe Weibo Song, yemwe adaphunzira ku Bonn, wasula akatswiri ambiri. Amatunga madzi ndi mchenga wa pagombe, amajambula kachilombo kali kamoyo, amakadetsa ndi mankhwala a protargol, n'kuwerenganso jini ya 18S. Jiniyo nthawi zina imalekanitsa tizilombo tofanana nkhope, zomwe zimachititsa kuti mayina a makedzana aunikidwenso.

Protargol yemweyo adafika posowa opanga ake atasiya. Mu 2013 Song ndi anzake awiri adasindikiza njira yoti aliyense adzipangire yekha mu labotale yake.