Mlembi wa ku Egypt ndi magawo otsikatsika

Kwa nthawi yaitali ku Egypt wakale kunalibe makobidi. Munthu akagwira ntchito ya mfumu kapena ya kukachisi ankalipidwa tirigu, balere, buledi ndi mowa, ndipo oyeza ndi kugawa zonsezi anali alembi. Magawo sankafanana ayi. Kapitawo ankatenga zambiri, womutsatira zocheperako, mpaka kukafika kwa wotsiriza. Mlembi akaphonya masamu, banja lina linkagona ndi njala.

Mmodzi wa alembiwo, Ahmes, analemba buku la masamu pa mpukutu wa gumbwa cha m'ma 1550 Yesu asanabadwe. Mwini wake ananena kuti ankakopera zolembedwa zakale za m'nthawi ya mfumu Amenemhat III. Mpukutuwo unagulidwa ku Luxor mu 1858 ndi Alexander Henry Rhind wa ku Scotland, ndipo lero umasungidwa ku British Museum, ku London.

Funso la nambala 64 m'mpukutuwo ndi limene likuonetsa luso la Ahmes. Pali balere wokwana mahekati 10 (hekati imodzi ndi malita pafupifupi 4.8) woti agawidwe kwa amuna 10, koma gawo la aliyense lichepe ndi 1/8 ya hekati poyerekeza ndi la amene walandira patsogolo pake. Nanga woyamba apatsidwe wochuluka bwanji?

Ahmes sanachite zongolota. Anayamba ndi kuona kuti pogawa mofanana aliyense akanatenga hekati imodzi. Kenaka anawerenga mipata: pa mzere wa anthu 10 pamakhala mipata 9, osati 10, ndipo apa ndi pamene ana asukulu ambiri amapunthwa mpaka lero. Anatenga theka la 1/8, lomwe ndi 1/16, n'kulichulukitsa ka 9 kuti apeze 9/16. Kuphatikiza pa hekati imodzi ija, gawo la woyamba linakhala 1 9/16.

Kuchokera pamenepo n'kungochotsera 1/8 basi: wachiwiri 1 7/16, wachitatu 1 5/16, kutsika choncho mpaka wa nambala 10 amene analandira 7/16. Mukawonkhetsa magawo onse, mahekati 10 aja akukwana ndendende.

Lamulo limene aphunzitsi amalemba pa bolodi masiku ano ndi lomweli: tengani nambala yoyamba, muchotserepo kusiyanako mogwirizana ndi mipata imene mwadumpha. Ahmes analigwiritsa ntchito zaka zoposa 3,500 zapitazo, alibe chilembo n'chimodzi chomwe cha aljebra, ndipo yankho lake ndi lolondola.